Mvula ya ku Melbourne ndi Mpikisano wa Phulusa wa 1936-37

Mwa miyambo yonse imene Angerezi adafesa m'maiko amene adali pansi pa ufumu wawo, ndi yowerengeka imene idabala mkangano wokhalitsa monga masewero a kiriketi a pakati pa England ndi Australia, amene adayambira mu mzinda wa Melbourne m'chaka cha 1877 ndipo kufikira lero moto wake sudazilale. M'chaka cha 1882, anyamata a ku Australia atagonjetsa eni masewerowo pakhomo pawo penipeni, pa bwalo la The Oval mu London, ndi mapointi 7 okha, nyuzipepala ya Sporting Times idalengeza maliro mwachipongwe, niti kiriketi ya ku England yatisiya, mtembo wake udzatenthedwa, ndipo phulusa lake lidzanka ku Australia. Kuyambira pamenepo maiko awiriwa akakumana amati akulimbirana Phulusa, The Ashes. Ndipo mwa mipikisano yonse ya Phulusalo, umene anthu satopa kuukamba ndi wa 1936-37, pakuti m'menemo gulu limene lidagwa chagada kawiri kotsatizana lidadzuka ndi kupambana katatu kotsatizana.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kuyamba tayang'ana pansi, pa dothi. Pakati pa bwalo la kiriketi pali kanjira kosalazidwa bwino, kotalika mayadi 22, ndipo kumathero ake onse awiri kumazikidwa timitengo titatu. Woponya amathamanga nagunditsa mpira pa kanjirako kuti unjanje ndi kukagwetsa timitengoto, pamene womenya amatiteteza ndi thabwa lake, nakankhira mpirawo kutali kuti apeze mapointi. Gulu lililonse la anthu 11 limamenya maulendo awiri, ndipo ulendo umatha anthu 10 akatulutsidwa, kapena kaputeni akalengeza yekha kuti akhuta, anzawo alowe. Popeza mpira umayamba wagunda pansi usadafike kwa womenya, khalidwe la dothilo ndilo limaweruza zambiri; ndipo m'masiku amenewo mwambo udali wakuti masewero akayamba kanjira kaja sikafunditsidwa, mvula igwe kaya dzuwa liwale. Dothi la bwalo la ku Melbourne lidali lakuda, lochokera ku kamtsinje ka Merri Creek, ndipo aliyense amene adalimapo m'makande adziwa chimene dothi lotere limachita likanyowa kenaka dzuwa n'kuliwomba: pamwamba limauma nkhungu, pansi likadali phala. Pa dothi lotero mpira wina umadumphira kumaso, wina umakwawa pansi ngati suli mpira womwewo, ndipo ngakhale katswiri wa akatswiri amasanduka mwana wophunzira. Tiwonjezepo kuti ku Australia nthawi imeneyo masewerowa sadali ndi malire a masiku. Ankaseweredwa kufikira wina atagonja, kotero kuti amene mvula yamupeza pakati padalibe kothawira.

Donald Bradman, mnyamata wokulira m'tauni yaing'ono ya Bowral, adali ndi zaka 28 pamene adalandira ukaputeni wa dziko lake. Mbiri yake idali itawanda kale, pakuti mu 1930 adamenya mapointi 334 ulendo umodzi ku Leeds, ndipo Angerezi adamuopa kotero kuti mu 1932-33 kaputeni wawo Douglas Jardine adalamula oponya ake, Harold Larwood ndi Bill Voce, kuti azilunjika mpira pathupi la womenya, njira imene idautsa udani pakati pa maiko awiriwa kufikira akuluakulu adalemberana matelegalamu aukali. Gubby Allen, amene pa ulendo umenewo adakana kuponya motero, ndiye adatumidwa mu 1936 monga kaputeni wokakonza ubale. Koma Bradman adalowa mu mpikisanowo ndi mtima wosweka, popeza kumapeto kwa Okutobala wa chaka chomwecho mwana wake wachisamba adamwalira atangobadwa kumene.

Masewero oyamba adachitikira ku Brisbane mu Disembala. Allen adapambana maere a ndalama nasankha kumenya poyamba, dothi likadali louma, ndipo pofika tsiku lotsiriza, pamene Australia idafunika mapointi 381, mvula idagwa usiku. M'mawa mwake Allen ndi Voce adasesa gulu lonse ndi mapointi 58 okha, Bradman nabwerera wopanda ngakhale imodzi, ndipo England idapambana ndi mapointi 322. Ku Sydney zidabwereza zomwezo, ndithu mvula ikakuona litsiro sikata: Allen adapambananso maere, Walter Hammond adamenya 231 osatulutsidwa, England idafika pa 426, kenaka mabingu adagunda, mvula idavumba, ndipo Australia idathera pa 80, Bradman atagwidwa pa mpira woyamba umene Voce adamuponyera. Ngakhale adapeza 82 pa ulendo wachiwiri, sizidathandize kanthu. England idapambana osafunikanso kumenya kachiwiri.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Olemba nyuzi adayamba kunena poyera kuti ukaputeni wamulemera Bradman ndi kuti ampatse wina. Ena adamudzudzula chifukwa chosiya kunja Clarrie Grimmett, woponya wokalamba koma wochenjera, pakuti Bradman adali mmodzi mwa osankha gulu. Ndipo kudamvekanso manong'onong'o akuti osewera anzake sadali naye mtima umodzi. Kugonja kumodzi kokha kukadatha zonse, Phulusa likadakwera sitima ya pamadzi kubwerera ku England.

Tsono lidafika tsiku la Chaka Chatsopano cha 1937, Lachisanu, ku Melbourne. Ulendo uno maere adagwera Bradman, koma iye mwini adatuluka ndi mapointi 13, ndipo pamene mvula idaimitsa masewero madzulo, Australia idali pa 181 anthu 6 atatuluka, chiwerengero chosasangalatsa konse pa dothi labwino. Chimene chidaoneka ngati tsoka lachitatu ndicho chidasanduka chipulumutso, pakuti Loweruka, masewero atayamba mochedwa pa dothi lonyowa limene lidayamba kuuma, zidaonekeratu kuti amene ati amenye tsiku limenelo walodzedwa. Bradman sadachedwe: atafika pa 200, anthu 9 atatuluka, adalengeza kuti akhuta, nakankhira Angerezi m'matopemo. Hammond adalimba mtima napeza 32, mpira ukumulumphira pachifuwa ndi pazala, ndipo amene adaona adati mapointi 32 amenewo adaposa mahandiredi ena a pa dothi louma; koma Len Darling wa ku Australia, ataima pafupi penipeni ndi womenya, adamuwakha modabwitsa monga adachitira ndi Maurice Leyland, ndipo otsalawo adayoyoka.

Apa m'pamene padachitika zachilendo zimene wongoonerera sakadazimvetsa, pakuti makaputeni onse awiri adafuna chinthu chimodzi, ndicho chakuti gulu la mnzake ndilo likhale likumenya dothi likadali loipa. Zimakambidwa kuti Bradman adauza oponya ake kuti aziponya mophonya dala, kuti Angerezi asathe msanga. Ndipo Allen, amene akadatha kulengeza kale kuti akhuta ndi kubwezera Australia m'ng'anjomo kwa ola lathunthu kapena kuposerapo, adazengereza, poti si chapafupi kusiya dala mapointi uli m'mbuyo. Adalengeza pa 76, anthu 9 atatuluka, dzuwa litapendeka kale ndi mitambo itadetsa kumwamba. Pamenepo Bradman adachita chimene chimakumbukika kufikira lero: adatembenuza mndandanda wa omenya ake, natumiza poyamba amene amakhala kumchira, Bill O'Reilly ndi Chuck Fleetwood-Smith, anthu oti ntchito yawo idali kuponya. Akuti Fleetwood-Smith atadabwa, kaputeni wake adamutonthoza mwanthabwala kuti pa dothi lotero munthu amatuluka pokhapokha akaukhudza mpira, ndipo iye, wolephera kuukhudza ngakhale pa dothi labwino, adalibe choopa. O'Reilly adatuluka pa mpira woyamba, koma Fleetwood-Smith ndi Frank Ward adapirira mphindi zochepa kufikira mdima udaimitsa masewero, Australia ili pa mapointi 3. Tsiku limenelo lokha anthu 13 adatulutsidwa.

Lamulungu kudalibe masewero monga mwa mwambo, ndipo dothi lidapeza mpata wouma. Lolemba, pamaso pa khamu la anthu oposa 87,000, omenya a kumchira aja ndi ena owatsatira adadya nthawi, kotero kuti pamene Bradman adalowa, ali wachisanu ndi chiwiri pa mndandanda, Australia ili pa 97 anthu 5 atatuluka, kanjira kaja kadali katafatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: munthu amene adazolowera kuthamangitsa oponya adayamba mwachifatse, ali ndi chimfine m'thupi, nagona tsikulo ali pa 56, Lachiwiri adamenya tsiku lonse nagona ali pa 248, ndipo Lachitatu adatuluka ndi 270. Iye ndi Jack Fingleton, amene adapeza 136, adasonkhanitsa pamodzi mapointi 346, ndipo awiriwa, tinene mwapambali, sadali pa ubwenzi konse, pakuti Fingleton adakhala womudzudzula Bradman m'zolemba zake moyo wake wonse. Australia idafika pa 564, England idafunika 689, ndipo ngakhale Leyland adamenya 111 osatulutsidwa, idagonja ndi mapointi 365. Anthu amene adalowa pa chipata m'masiku asanu ndi limodzi amenewo adakwana 350,534.

Chipambanocho sichidathetse manong'onong'o nthawi yomweyo, pakuti masewero atangotha akuluakulu a bungwe loyendetsa kiriketi adaitana osewera anayi, O'Reilly, Fleetwood-Smith, Stan McCabe ndi Leo O'Brien, kukawafunsa za mphekesera zakuti samvera kaputeni. Onse anayi adali Akatolika, Bradman sadali, ndipo mlanduwo udatha wopanda wopezeka wolakwa, koma chilonda chake chidakhalitsa. M'bwalo namo zinthu zidayenda mbali imodzi. Ku Adelaide, England idatsogola ndi mapointi 42 pa ulendo woyamba, koma Bradman adamenya 212, ndipo m'mawa wa tsiku lotsiriza Fleetwood-Smith yemwe uja adagwetsa timitengo ta Hammond, Australia nipambana ndi 148. Pobwerera ku Melbourne, Bradman adamenya 169, gulu lake lidaunjika 604, mvula idagweranso Angerezi, ndipo kumayambiriro kwa Malichi mpikisano udatha 3-2.

Pofotokoza za chaka chimenecho ambiri amakonda kuimba Bradman yekha, ndipo chifukwa chilipo, pakuti munthu amene pa maulendo anayi oyamba adapeza mapointi 120 adapeza 690 pa asanu otsatira, ndipo mu 2001 olemba buku la kiriketi la Wisden, posanthula maulendo onse a m'mbiri ya masewerowa, adaika 270 uja pamwamba pa onse. Komatu ine ndiona kuti kutamanda kotere kumabisa theka la nkhani. Pa masewero onse asanu, gulu limene lidapambana maere ndi kumenya poyamba ndilo lidapambana; Bradman wa ku Brisbane ndi ku Sydney sadali wopusa monga adamunenera, ndipo Allen wa ku Melbourne sadasanduke mbuli usiku umodzi. Mvula idagawira onse awiri mofanana ndithu. Kusiyana kwawo kudagona pa madzulo amodzi a Loweruka lija, pamene onse awiri adaona bwino lomwe chimene dothi lidali kuchita, koma wina adalimba mtima kutaya mapointi ndi ulemu wa mndandanda kuti agule nthawi, mnzake nazengereza. Allen akadalengeza msanga, Bradman akadatha anthu a kumchira owatumiza, ndipo akadayenera kulowa yekha pa dothi lofanana ndi limene lidamutulutsa kawiri wopanda kanthu.

Mwambo wosiya kanjira pamtunda udatha pang'onopang'ono m'zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo lero mvula ikangodontha anyamata a pabwalo amathamanga ndi zofunditsira. Kutembenuka kwa mwayi sikudathere pamenepo ayi: mu 1981 Ian Botham, atatuluka kawiri wopanda pointi ku Lord's ndi kutula pansi ukaputeni, adamenya 149 ku Headingley m'masewero otsatira, England nipambana ndi 18, ndipo mu Disembala 2020 India, itathera pa 36 ku Adelaide, idakapambana ku Melbourne patangopita masiku owerengeka. Koma kugonja masewero awiri oyamba ndi kupambana atatu otsala, palibe gulu lina limene lidachitapo. England ya Ben Stokes idayandikira mu 2023: itagonja kawiri idapambana ku Headingley, ndipo ku Old Trafford idali itawapanikiza a ku Australia pamene mvula ya ku Manchester idadya pafupifupi masiku awiri otsiriza, kanjira kali kofunditsidwa bwinobwino. Mpikisanowo udatha 2-2, ndipo Phulusa lidatsala m'manja mwa Australia.