Mmene Mtendere Unabwerera ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

(Nkhani yolankhulidwa pa wailesi kwa mafumu ndi alimi)

Lero tikamba za mbiri ya ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndi mmene anthu amene analasana ndi mikondo anafikira pa kudyera mbale imodzi. Tikamba zimenezi chifukwa masiku ano atsogoleri a m'midzi aitanidwa ku maphunziro a kuyanjanitsa anthu, ndipo ena afunsa kuti, "Kodi mfumu ndi yophunzitsanso kuweruza?" Mbiri ya kwathu itithandiza kuyankha.

Masiku a Nkhondo

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835. Atamwalira Zwangendaba mtundu wawo unagawikana, ndipo gulu lina la Chiwere Ndhlovu linadzakhazikika ku mapiri a Dowa cha m'ma 1870. Achewa a m'zigwa anasauka nazo kwambiri. Nkhondo inkafika mbandakucha, nitenga ng'ombe, chimanga, akazi ndi ana. Midzi ina inamanga malinga, anthu ena anathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Kunsi ku nyanja, ku Nkhotakota, kunali Jumbe wogula minyanga ndi akapolo. Chotero munthu wopita ku munda wa kutali sankadziwa ngati adzabwerako, ndipo minda yabwino inagonera anthu ali kufa ndi njala.

M'chaka cha 1889 abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga misyoni ku Mvera, Mfumu Chiwere atawalola. Mu 1894 Robert Blake anamanga ina ku Kongwe, m'dziko la Msakambewa. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1891, dziko lino linalowa m'manja mwa Boma la Britain. Asilikali a Boma anathira nkhondo Mwase wa ku Kasungu mu 1895, ndi Gomani mu 1896. Chiwere anasankha kusamenyana nawo, ndipo nkhondo za kufunkha zinayamba kuleka.

Ntchito Inagwera Mafumu

Mikondo itaikidwa pansi, mitima inali isanazizire. Taganizani, mafumu, mukadakhala inu. Pa mudzi womwewo pali munthu amene atate wake anaphedwa, ndi wina amene anali m'gulu lowapha. Wogwidwa kale wabwerera, napeza mkazi wake ali kwa mwamuna wina. Anthu atsika ku phiri, napeza minda ya makolo awo ili kulimidwa ndi alendo. Mzungu wa pa boma sakadatha milandu yonseyi. Inathera pa bwalo.

Pa bwalo wodandaula ankalankhula kufikira atatha, woimbidwa mlandu nayenso chomwecho. Ankhoswe ankaimira mbumba zawo, nduna zinkafunsa, ndipo mfumu inkalankhula potsiriza. Wolakwa ankapereka chipepeso, nkhuku kapena mbuzi, kuti wolakwiridwa aone ndi maso kuti kulakwa kwavomerezedwa. Cholinga chinali chakuti anthu awiriwo adzathenso kutunga pa chitsime chimodzi ndi kunyamulirana maliro.

Ukwati unathandizanso. Angoni anakwatira akazi a Chichewa, ana awo nakula ali kulankhula Chichewa. Munthu sangasungire chakukhosi mtundu umene kwachokera adzukulu ake. Ndicho chake lero ngoma ya Angoni ndi gule wamkulu zivinidwa m'boma limodzi, ndipo Chiwere ndi Msakambewa akhala pa msonkhano umodzi ndi Dzoole ndi Kayembe.

Chitsanzo cha Msyamboza

Pafupi ndi Kongwe panali mfumu ya Chichewa dzina lake Msyamboza, mwini mudzi wa Chibanzi. Iyeyu anakula m'masiku a nkhondo, napha njovu ndi kuchita malonda. Nthawi itasintha sanaumirire zakale. Analandira sukulu m'mudzi mwake, anakumba ngalande zothirira mbewu, nalima tirigu. Anthu amene kale ankalondera linga anapeza ntchito ya khasu yogwirira pamodzi. Anamwalira mu 1926, ndipo Samuel Ntara wa ku Mvera analemba mbiri yake m'buku limene linatuluka mu 1949. Onani kuti Msyamboza anaphunzira zatsopanozi ali kale mfumu, ndi imvi kumutu, ndipo ulemu wake sunachepe.

Sukulu ya Mafumu

Mu 1933 Boma linapanga malamulo opatsa mafumu aakulu mphamvu ya kulamulira ndi kukhala ndi makhoti awo. Mu 1934 sukulu ya Jeanes ku Domasi, m'boma la Zomba, inayamba kulandira mafumu pamodzi ndi akazi awo kwa miyezi ingapo. Kumeneko ankaphunzira za ukhondo, za ulimi, za malamulo ndi kulemba milandu m'buku. Chotero kuitana mfumu ku maphunziro si chinthu chachilendo m'dziko lino.

Nanga Lero?

Nkhondo si nthano ya makolo yokha. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa lomweli, kunali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo kuyambira 1994 kukhala anthu othawa nkhondo ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Ndewu zimene anathawa zinayamba ndi chidani chimene chinasowa wochithetsa chikadali chaching'ono.

Kwathu kuno ndewu zibuka pa malire a minda, pa kulimbirana ufumu, pa kunenerana ufiti ndi pa masankho. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la mtendere ndi umodzi, pamodzi ndi makomiti a mtendere m'maboma. Koma komiti ya ku boma imva mlandu nyumba itapsa kale. Woumva poyamba ndinu, nyakwawa.

Chifukwa chake mukaitanidwa ku maphunziro otere, pitani. Tengani nzeru ya bwalo imene makolo anakusiyirani, muonjezepo malamulo a dziko amene mukaphunzire. Mukabwerako, mverani mbali zonse ziwiri musanalankhule. Lolani amayi ndi anyamata alankhule pa bwalo, pakuti ndiwo alima minda imene ikanganiridwa. Lembani chigamulo ndi malire m'buku pamaso pa mboni, popeza mlandu suola, ndipo ana adzaufukula inu mutapita. Musalandire kanthu m'tseri kwa mwini mlandu.

Ndipo inu alimi, mnzanu akalumpha malire musayambe ndi chikwanje. Pitani kwa ankhoswe ndi kwa mfumu mvula isanagwe, mbewu zisanalowe m'nthaka. Akulu anati nkhondo simanga mudzi, ndipo a ku Dowa ndi Ntchisi anaziona ndi maso awo.

Tsalani bwino nonse.