Poker: nthawi yobetcha ndi nthawi yodekha

Ku Chibanja mumzinda wa Mzuzu, monga m'madera ena a m'tauni, makhadi si achilendo, ndipo mawu oti kubetcha adazolowereka chifukwa cha mpira wamiyendo. Koma poker, yomwe ena amakumana nayo pa foni, ndi yosiyana. Pa mpira munthu amabetcha kamodzi n'kudikira zotsatira, pomwe pa poker amasankha kangapo gemu isanathe, ndipo ndalama zambiri zimatayika pa kusankhako.

Mu Texas Hold'em, mtundu wotchuka kwambiri wa poker, mumakhala makhadi 52. Wosewera aliyense amalandira awiri obisika, ndipo ena asanu amayalidwa pakati: atatu poyamba, kenako limodzi, pomaliza limodzi. Mipata yobetchera ilipo inayi. Ngati pa mpata wina palibe amene waika kale ndalama, wosewera akhoza kubetcha kapena kuchita check, kutanthauza kudutsa osaika kanthu koma osatuluka m'gemu. Ambiri amasonyeza izi pogogoda tebulo.

Zifukwa zazikulu zobetchera ndi ziwiri. Choyamba, muli ndi makhadi amphamvu ndipo mukufuna kuti wa makhadi ofooka alipire. Chachiwiri, makhadi anu ndi ofooka koma mukufuna kuopseza wokuposani kuti ataye ake, zomwe amati bluff. Ngati simungatchule amene angalipire ali wofooka, kapena amene angathawe ali wamphamvu, kubetchako kulibe phindu.

Masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti pakati pali K10,000 ndipo inu mwabetcha K5,000. Mnzanu ayenera kuika K5,000 kuti alimbirane K20,000 yonse, choncho akufunika mwayi wopambana wosachepera 25 pa 100. Ngati ali ndi makhadi anayi a chizindikiro cha mtima ndipo akudikira lachisanu, omuthandiza ndi 9 mwa makhadi 47 omwe sanawaone, mwayi wa pafupifupi 19 pa 100 pa khadi lotsatira. Mukabetcha, amagula khadilo mokwera mtengo. Mukachita check, mumampatsa laulere. Koma ngati K5,000 yanuyo ndi yongoopseza, mnzanu ayenera kuthawa kamodzi pa maulendo atatu alionse kuti musaluze.

Check imayenera makamaka pamene makhadi anu ali apakatikati. Mukabetcha nawo, ofooka amathawa ndipo amatsala ndi okuposani okha. Imayeneranso pamene otsala m'gemu ndi ambiri, popeza kuopseza anthu anayi n'kovuta kuposa kuopseza mmodzi, komanso pamene ndinu woyamba kusankha, musanaone zomwe anzanu achite. Wosankha pomaliza amakhala ataona zonse, n'chifukwa chake amatha kubetcha kawirikawiri. Nthawi zina wa makhadi amphamvu amachita check dala, kutchera msampha kuti wina abetche, iye n'kukweza ndalamazo.

Mfundoyi si yatsopano. M'buku la Theory of Games and Economic Behavior la mu 1944, John von Neumann ndi Oskar Morgenstern adasanthula poker yofewetsedwa ndipo adaonetsa kuti wosewera wanzeru amabetcha ndi makhadi abwino kwambiri komanso ndi oipitsitsa, koma apakatikati amadekha nawo.

Komabe luso silichotsa mwayi. Wosankha bwino akhoza kuluza magemu angapo motsatizana, ndipo apa ndi pomwe ambiri amayamba kubetcha ndi mkwiyo pofuna kubweza zomwe zapita. M'dziko muno, masewera obetcha amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo osakwana zaka 18 saloledwa kutenga nawo mbali. Wamkulu amene wasankha kusewera adziikire malire asanakhale pansi. Ndalama ya lendi, ya fizi kapena ya ufa ikafika pa tebulo, funso loti abetche kapena achite check latha ntchito: chatsala n'kunyamuka.