Mbiri ya Chibayo cha Ana M'mbali mwa Nyanja ku Salima

Mwera ukayamba kuwomba m'mwezi wa Juni, asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka amakokera mabwato awo kumtunda, ndipo amayi amatseka zitseko dzuwa lisanalowe. M'nyumba mumasonkhedwa moto wopirikitsa chisanu, utsi n'kudzaza mpaka kudenga. Chiyambire kale, imeneyi ndiyo nyengo imene makanda ambiri amayamba kutsokomola, kenaka kubanika. Makolo athu anaitcha nthendayi chibayo, poti wodwala amamva ngati wina akumubaya ndi mkondo m'nthiti.

Dzinalo analipeza bwino, koma gwero la nthendayo silinkadziwika. Ambiri ankati ndi tsempho, kutanthauza kuti bambo kapena mayi sanadzisunge mwana akali wakhanda. Ndili mu Sitandade 3, mlongo wanga wa miyezi isanu ndi itatu anayamba kupuma mwabefu. Agogo anamutema mphini pachifuwa napakamo mankhwala akuda, uku akuluakulu atakhala pabwalo masiku awiri kufunsana kuti walakwa ndani. Pamene amayi ankamubereka kuti ayambe ulendo wa kuchipatala, mwana anali atatsirizika. Sindiwaweruza anthu amenewa. Chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu wapansi.

Ngakhale madokotala a Chizungu analibe chochita pa nthendayi kwa zaka zambiri. Kumapeto kwa 1918, pamene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kuchokera ku nkhondo, mliri wa fuluwenza unalowa mu Nyasaland, ndipo ambiri mwa amene anafa anatsirizidwa ndi chibayo. Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, koma mankhwalawa anayamba kufala m'zaka za m'ma 1940. Njanji inali itafika kale ku Salima mu 1935, komabe jekeseni ankathera pa boma. Mwana wa msodzi wa ku Lifuwu ankamuona mwa apo ndi apo.

Mankhwala atapezeka, panatsala funso lovuta: mwa ana makumimakumi otsokomola pamzere, ndi uti amene ali ndi chibayo, nanga ndi uti amene ali ndi chimfine wamba? M'zipatala zazikulu amaunika mapapo ndi makina, koma kumudzi kulibe magetsi. Yankho linachokera kutali, ku Papua New Guinea, kumene Dokotala Frank Shann ndi anzake anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti kungowerenga mpweya wa mwana kumaulula zambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaitenga nzeruyi n'kuifalitsa. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, wosakwana chaka ka 50, ndi wosakwana zaka zisanu ka 40, ndiye kuti pali chibayo. Pansi pa chifuwa pakamalowa m'kati pokoka mpweya, nthenda yakula. Kwa ine, apa ndi pamene mbiri yathu inakhotera, chifukwa chida chake ndi wotchi ndi maso basi.

Kuno kwathu ntchito inagwirika ndithu. Pakati pa 2000 ndi 2005, Unduna wa Zaumoyo unaphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala za maboma njira imodzi yothandizira ana a chibayo chachikulu, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa ana pafupifupi 19 mwa 100 ogonekedwa kufika pa 8. Katemera wolimbana ndi kachilombo ka Hib anayamba mu 2002, ndipo wa kachilombo ka pneumococcus anakhazikitsidwa pa 12 Novembala 2011. Kuyambira 2008, alangizi a zaumoyo anayamba kutsegula zipatala za m'midzi yovuta kufikako, kumene amawerenga mpweya ndi kupereka mapiritsi pomwepo. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti ana 234 mwa 1,000 ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Si chibayo chokha chimene chinagonja, poti malungo, chikuku ndi kutsekula m'mimba nazo zinachepa mphamvu.

Koma Salima ali ndi tsamba lakelake m'mbiriyi, ndipo ndi tsamba lowawa. Kunabwera makina otchedwa bubble CPAP, amene amakankhira mpweya m'mapapo kudzera m'mphuno kuti asafwafwanyike. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, makina a mtundu umenewu anali atapulumutsa makanda obadwa masiku asanakwane, choncho ambiri ankayembekeza kuti athandizanso ana a chibayo. Kuyambira 2015 mpaka 2018, akatswiri anawayesa pa chipatala chachikulu cha boma la Salima pa ana 644 odwalitsitsa: onyentchera, okhudzidwa ndi kachilombo ka HIV, ndi amene mpweya wa okosijeni unawachepera kwambiri m'magazi. Ana 321 anaikidwa pa makinawo, ena 323 anapatsidwa okosijeni mwa njira yakale ya timapaipi ta m'mphuno.

Zotsatira zake zinadabwitsa eni kafukufukuyo. Mwa ana a pa makina anamwalira 53, pamene mwa enawo anamwalira 35. Kafukufuku anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Akatswiriwo sanabise kanthu: mu 2019 analengeza poyera kuti makinawa sanachepetse imfa m'chipatala cha boma chimene mwana saonedwa ndi dokotala tsiku ndi tsiku, ndipo anachenjeza kuti asamangogawidwa popanda anthu okwanira owayang'anira. Chenjezo limeneli linawerengedwa m'maiko ambiri osauka amene anali okonzeka kugula makinawo. Amene analilipira ndi amayi a kwa Maganga, kwa Khombedza ndi madera ena ozungulira, amene anavomera kuti ana awo alowe m'kafukufukuyo usiku umene ankabanika.