Mmene Anthu a ku Bohemia Anasungira Nsomba pa Nyengo ya Cisanu

Dziko la Bohemia, limene lero liri cigawo ca Czech Republic pakati pa Ulaya, liri kutali ndi nyanja yamcere monga momwe liriri dziko la Zambia. Kale anthu ace anali kusunga mwambo wa Mpingo wosadya nyama pa tsiku Lacisanu ndi pa nyengo ya Lenti, koma nsomba sinali yoletsedwa. Cifukwa ca ici nsomba inali ya malonda ndithu, ndipo amonke ndi eni minda anakumba maiwe nawetamo nsomba yochedwa carp, imene imanona bwino m'madzi a matope.

Koma panali bvuto lalikuru. Carp imatenga zaka zitatu kapena zinai kuti ifike pa msinkhu wogulitsa, ndiko kuti iyenera kupyola nyengo za cisanu zingapo. Cisanu ca kumeneko si ca masewera ai: madzi a pamwamba pa dziwe amaundana nauma gwa, kotero kuti munthu akhoza kuyendapo, ndipo amakhala cotero masabata ambiri. Pamene madziwo asungunuka, mwini dziwe nthawi zina anali kupeza nsomba zace zonse ziri mimba cagada, nchito ya zaka zitatu itapita pacabe.

Munthu angaganize kuti nsombazo zinali kufa ndi kuzizira, koma sikutero. Madzi amalemera koposa akakhala pa madigiri 4, cotero madzi otere amatsikira pansi, ndipo ozizira koposa amakhala pamwamba naundana. Carp imatsikira pansipo nileka kudya, nikhala duu pamodzi ndi zinzace. Cimene cimaipha ndi kusowa mpweya. Madzi oundana amatseka dziwe monga cibvundikiro pa mphika. Cipale cofewa cikagwa pamwamba pace cimachinga kuwala, ndipo zomera za m'madzi zimaleka kuturutsa mpweya wabwino, pamene masamba obvunda m'matope ali kuudyabe wotsalawo.

Anthu a ku Bohemia sanadziwe dzina la mpweya umenewu, koma anaona ndi maso kuti kumene madzi ali kuyenda nsomba sizifa. Nzeru imeneyi inaoneka poyera ku Třeboň, dera la madambo kumwera kwa dzikolo, limene linali m'manja mwa banja lomveka la Rožmberk. Pakati pa 1506 ndi 1520 kapitao wao wa maiwe, Štěpánek Netolický, anakumbitsa ngalande yotalika pafupi-fupi makilomita 45, imene imapatutsa madzi a mtsinje wa Lužnice, niwagawira maiwe akuru-akuru, niwabwezeranso mumtsinje womwewo kunsi. Ngalandeyo inachedwa Zlatá stoka, ndiko kuti Ngalande ya Golidi, cifukwa ca cuma cimene inabweretsa. Pambuyo pace Jakub Krčín anamanga dziwe la Rožmberk kuyambira 1584 kufikira 1590, ndipo ndilo lalikuru koposa onse m'dzikolo, la mahekitala 489.

M'caka ca 1547 Jan Dubravius, Bishopo wa ku Olomouc, anasindikiza buku la Cilatini lochedwa De piscinis, lofotokoza za kamangidwe ka maiwe ndi kusiyanitsa nsomba monga mwa misinkhu yao, kuti zazing'ono zikhale kwa zokha ndi zazikuru kwa zokha. M'kupita kwa nthawi aweti anapatulanso maiwe ena akuya, a mamita awiri kapena kuposa, opanda matope ambiri ndi okhala ndi madzi olowa ndi oturuka, kuti nsomba zizigonamo pa cisanu.

Ngakhale zinali tero, dziwe silinasiyidwe lokha. Mlonda anali kuyendera maiwe m'mamawa ndi nkhwangwa, naboola mazenera m'madzi oundanawo, nakokola cipale kuti kuwala kulowe. Anali kuletsa phokoso ndi masewera pamwamba pa dziwe, pakuti nsomba yodzidzimuka imasambira uku ndi uku nitha mphamvu ndi mpweya womwe. Analinso kupenyetsetsa m'mazenera muja. Tizirombo ta m'madzi tikayamba kusonkhana pamenepo, anadziwa kuti pansi zinthu zaipa, pakuti timeneti ndito timayamba kuthawa. Ndipo akazengereza kuonjezera madzi atsopano, nsomba nazo zinali kukwera kudzapuma pa zenera, zambiri nkufera pomwepo. Anati akuru, tsoka sasimba koma mwai. Koma mwai wa mlondayo unali m'maso mwace.

Maiwe a ku Třeboň alipobe, ndipo Ngalande ya Golidi ikali kugwira nchito yace patapita zaka 500. M'miyezi ya October ndi November madzi amaphwetsedwa, nsomba zazikuru nizikokedwa ndi makoka, nizisungidwa zamoyo m'timaiwe ta madzi oyenda kufikira Khrisimasi, pakuti carp ndiyo ndiwo ya usiku wa pa 24 December m'mabanja ambiri a kumeneko. Munthu wa m'maiko ozizira amene ali ndi kadziwe kuseri kwa nyumba amatsata malamulo omwewo: kadziwe kakhale kakuya, masamba acotsedwe cisanu cisanafike, nsomba zisapatsidwe cakudya zikaleka kuyenda-yenda, ndipo pakhale malo amodzi osaundana.

Ku Zambia madzi a m'maiwe saundana, ndipo mdani ndi wina. Nsomba za mtundu wa cambo ndi za m'madzi ofunda. Zimacepetsa kudya m'miyezi ya June ndi July, ndipo madzi akazizira kufika pafupi ndi madigiri 10 zimayamba kufa, makamaka m'maiwe osaya. Komabe mankhwala ace afanana ndi a ku Bohemia: dziwe likhale ndi mbali yakuya yothawirako nsomba, cakudya cicepetsedwe, ndipo mwini wace alawirire kukaliona tsiku liri lonse.