Malonda a galimoto zatsopano atsalira makampani akuluakulu

Amalonda ang'onoang'ono ogulitsa galimoto zatsopano mwa chilolezo cha makampani opanga galimotozo akucheperachepera. M'Malawi muno malondawa ali m'manja mwa makampani ochepa a ku Blantyre ndi Lilongwe, monga CFAO, yomwe kampani ya Toyota Tsusho ya ku Japan inagula m'chaka cha 2012.

Anthu ambiri amaitanitsa okha galimoto zogwiritsidwa kale ntchito kudzera pa intaneti. Zina mwa galimotozi zimalowera pa chipata cha Dedza, pomwe bungwe la MRA limatolera msonkho. Kusowa kwa ndalama zakunja komanso kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakwezanso mitengo ya galimoto zatsopano.

Choncho ofesi ya ku Dedza yofuna kukonzetsa galimoto kwa wogulitsa wovomerezeka imayenera kuitumiza ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80.