Mapepala a Dziko la Ansenga

Munthu amene anakwerapo pamwamba pa nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, imene inatenga dzina kuchokera ku magalasi a m'maso a John Moir, naona mabuku akale ndi zolembedwa pamanja zimene bungwe la Society of Malawi lisunga m'menemo, sangaleke, pobwerera kwawo ku Petauke kapena ku Nyimba, kudzifunsa mumtima kuti: nanga zathu zigona kuti?

Pakutitu dziko la mafumu Kalindawalo ndi Ndake silinasowe alembi. Mu 1905, chaka chimene a Dutch Reformed anakhazika mishoni ku Nyanje, A. C. Madan anasindikiza ku Oxford kabuku kophunzitsa Chinsenga cha kumunsi kwa Luangwa. Ku Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu wa ku Nkhotakota anafesa mbewu nagona tulo ta imfa mu 1913, ntchito sinafe naye. A mpingo wake wa Anglican anaisenza, kufikira Chipangano Chatsopano chinatuluka m'Chinsenga mu 1923, ndipo Sidney Ranger anatulutsa buku la malamulo a chinenerocho mu 1928.

Koma buku limene lindigwira mtima koposa ndi la E. H. Lane Poole, bwanamkubwa amene anakhalapo pa boma la Petauke, lotuluka mu 1934, lofotokoza za mitundu ya kum'mawa kwa Luangwa; pakuti ngakhale dzina la pachikuto ndi la Mzungu, nzeru za m'katimo nza nkhalamba zathu, zimene zinakhala pansi nizitchula mafumu, mafuko ndi njira zimene makolo anadzera, zosadziwa kuti mawu awo adzawoloka nyanja. Zoonadi, mawu a akulu akoma akagonera. Koma agonere kuti? Zolemba za maboma akale zisungidwa ku National Archives ku Lusaka, ndipo mwana wasukulu wa ku Nyimba alibe ya basi yokazionera.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mabuku a ubatizo a ku mishoni za Minga, Merwe ndi Hofmeyr, makalata a otchona ku Harare ndi ku Joni, mabuku a nyimbo othothoka masamba amene agogo anakulunga m'nsalu, zonsezi chiswe ndi njenjete sizizichitira ulemu. Inu mafumu, abusa ndi aphunzitsi, patulani nyumba imodzi yakale ya mishoni, muifolere bwino, ndipo tisonkhanitsiremo mapepala amenewa eni ake akali ndi moyo.