Kanyama kamumchenga kamene kasokoneza akatswiri kwa zaka zoposa 200

Amalawi amene amakhala ku Durban kapena m'mphepete mwa nyanja ku Cape amawadziwa anthu opopa nyambo mumchenga. Madzi akaphwa m'mawa, munthu amatsikira kugombe ndi mpope wachitsulo, n'kuubaya mumchenga, kukoka, kenako kukhuthula matope pambali. M'matopemo mumatuluka kanyama kotuwa ndi kofewa, kamene asodzi amakakoleka kumbedza ngati nyambo. Kumeneko amati sandprawn, ku America amati ghost shrimp, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ndi m'bale wa ma prawn a m'malesitilanti amene anangosankha kukhala pansi.

Zimenezi si zoona. Ma prawn akuluakulu odyedwa aja amangotayira mazira awo m'madzi, pamene kanyamaka kakakhala kakakazi kamanyamula mazira kumimba mpaka ataswa, monga zimachitira nkhanu. Abale ake apafupi ndi nkhanu ndi ma lobster. Koma asodzi sindingawanene, chifukwa nawonso akatswiri a sayansi anasokera pa nkhaniyi kwa nthawi yaitali.

Za kale kwambiri zimene zinatsala ndi zibano zouma ndi mauna amene anasanduka miyala. Mu 1808 George Montagu anafotokoza kanyama kamene anakumba ku Devon, m'dziko la England. Mu 1814 William Leach anakapatsa dzina lakuti Callianassa, ndipo mu 1831 Pierre André Latreille wa ku France anayambitsa gulu limene linadzadziwika kuti Thalassinidea. M'gulu limeneli munaponyedwa tinyama tambiri ta miyendo khumi tokumba mauna pansi pa nyanja. James Dana wa ku America anakhazikitsa banja la Callianassidae mu 1852, ndipo mu 1900 Thomas Stebbing anatcha kanyama ka ku South Africa kaja Callianassa kraussi.

Ukakaika padzanja, umamvetsa chimene chinawanyenga. Chigoba chake ndi chopyapyala moti zam'kati zimaonekera, chifukwa una ndiwo umakateteza. Timaso ndi tating'ono, tokhala pa timapesi taphwatalala. Miyendo iwiri yakutsogolo ili ndi zibano zosalingana, ndipo pa kamphongo ka mtundu wa ku California chibano chachikulucho chimatha kufika gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa thupi lonse. Miyendo yachitatu ndi yophwatalala kumapeto, yoyenera kufukula ndi kutsendera makoma a una. Ziwalo za kukamwa zimafungatira mchenga wofukulidwa mpaka kukautaya kukhomo. Pansi pa mimba pali timapiko timene timakupiza madzi mosalekeza kuti mpweya uziyenda mu una. M'mbali mwa chigoba mumadutsa mzere wofewa wotchedwa linea thalassinica, umene umalola chivindikiro cha ziwalo zopumira kutseguka ndi kutsekeka potsuka matope. Mzere umenewu ambiri ankautenga ngati chidindo cha mtundu umodzi.

Apa ndi pamene zinthu zinakhota. Aliyense wa kumudzi amadziwa kuti mfuko ili ndi timaso tating'ono ndi thupi lobulungira chifukwa cha moyo wa pansi, ndipo nyama ina iliyonse yokumba imatha kufanana nayo popanda ubale. N'chimodzimodzi mumchenga wa m'nyanja. Ntchito yokumba inaumba matupi ofanana mwa nyama za makolo osiyana, ndipo olemba mabuku anawerenga kufananako ngati ubale.

Chenjezo linabwera mu 1938. Robert Gurney, amene ankafufuza tiana ta nyamazi pa nthawi imene timayandama m'madzi tisanayambe kukumba, anaona kuti tili m'magulu awiri osiyana kwambiri. Tiana ta Callianassa tinali ndi maonekedwe akeake, ta Upogebia akeakenso. Umboni umenewu unali wamphamvu chifukwa kamwana koyandama sikanaumbidwe ndi moyo wa mu una. Komabe gulu lakale lija linapitirira m'mabuku. Mu 1979 mayi wina wa ku Paris, Michèle de Saint Laurent, analigawa pawiri: Axiidea ndi Gebiidea. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Mwa Axiidea, mmene muli ghost shrimp, miyendo yachiwiri nayonso ili ndi tizibano tokwanira, pamene mwa Gebiidea mulibe. Ambiri anawerenga, n'kupitiriza kulemba Thalassinidea kwa zaka zina 30.

Vuto lina linali la m'manja. Nyama yofewa yokhala pansi kwambiri imatuluka yothyokathyoka ikakumbidwa ndi fosholo, ndipo chibano chachikulu chimakonda kuthothoka. Mitundu yambiri inatchulidwa mayina kuchokera pa kanyama kamodzi kopanda miyendo ina, kosungidwa m'botolo la mankhwala. Mpope wa asodzi uja, umene ku Australia amapopera nawo tinyama totere totchedwa ma yabby, unathandiza ofufuza kwambiri, chifukwa unayamba kuwapatsa tinyama tathunthu ndiponso tambiri.

Zaka za posachedwapa ndizo zinali ndi phokoso. Mu 1991 Raymond Manning ndi Darryl Felder anaunikanso mitundu ya ku America n'kuchotsa yambiri mu Callianassa, dzina limene linali litadzaza mopitirira muyeso. Kanyama ka ku California, kamene Dana anakatcha Callianassa californiensis mu 1854, kanakhala Neotrypaea californiensis. Koma pakati pa 1999 ndi 2011 kunatuluka mabuku akuluakulu a katswiri mmodzi amene anasanjanso banja lonse mwa njira ina. Mayina ena anabwezedwa kumene anachokera, ena anasamutsidwanso, ndipo magulu awiri aja anapatsidwa mayina ena osiyana ndi a 1979. Panafika nthawi yoti ofufuza awiri ankatha kulemba za kanyama kamodzi ndi mayina awiri, wowerenga n'kumaganiza kuti ndi mitundu iwiri.

Pa nthawi yomweyo, kafukufuku wa DNA wa mu 2008 ndi 2009 anaonetsa kuti Gurney ndi de Saint Laurent anaona bwino: Axiidea ndi Gebiidea ndi mizere iwiri yosiyana. Mndandanda waukulu wa nyama za miyendo khumi umene unatuluka mu 2009 unataya Thalassinidea n'kutenga mayina awiriwo. Mkangano sunathere pomwepo, mpaka mu 2014 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anasainira limodzi nkhani m'magazini ya Crustaceana yopempha kuti mayina a 1979 akhazikike. Kenako mu 2019 Gary Poore ndi anzake anayi anafalitsa kasanjidwe katsopano kophatikiza DNA ndi maonekedwe a thupi, kamene kanagawa Callianassidae ndi abale ake m'mabanja 7. Kanyama ka asodzi a ku Durban, kamene kanali kale katasintha kukhala Callichirus kraussi, kanatchedwa Kraussillichirus kraussi, m'banja la Callichiridae.

Ine ndimaona kuti kusintha kwa mayina pakokha si kulakwa, poti umboni watsopano ukabwera dzina liyenera kutsatira. Cholakwika chinali chizolowezi chokhulupirira thupi la nyama yaikulu kuposa umboni wina uliwonse, komanso mchitidwe wosanja banja lonse munthu ali yekha, popanda anzake oyesa mfundo zake. Mtengo wake amalipira ndi anthu ena. Tinyamati timatembenuza mchenga wambiri ndi kulowetsa mpweya pansi, ndipo n'chifukwa chake timasintha zamoyo zonse za pamalo ngati Langebaan ku South Africa. Ku Willapa Bay, m'chigawo cha Washington, alimi a oyster akhala akulimbana nato kuyambira zaka za m'ma 1960 chifukwa timafewetsa nthaka mpaka oyster kumira. Woyang'anira gombe amene akufuna kudziwa kuchuluka kwa nyambo imene asodzi angapope popanda kuwononga malo ayenera kupeza zonse zimene zinalembedwa kale. Za sandprawn ya ku South Africa zinamwazikana pansi pa mayina atatu, ndipo wofufuza ndi dzina limodzi lokha amaphonya zambiri.